Kasinja Anandilanda Loweruka

Amene anayambitsa zonsezi ndi achemwali anga, ngakhale mpaka lero amakana. Iwo amakhala ku South Bend, ife ku Indianapolis, ndipo nthawi imeneyo ankasamalira mayi wina wachizungu wokalamba, wakufa ziwalo mbali imodzi, pa famu ina kunja kwa tawuni. Tsiku lina titapita kukawachezera, galimoto yawo inakana kulira ali pa famupo, ndiye anaimba foni kupempha alamu awo, bambo a kunyumba kwanga, kuti akaione. Bambowo ananyamuka akuti abwera tisanadye. Anabwera dzuwa litapendeka, malaya awo atsopano ali dzimbiri lokhalokha, koma nkhope ikuwala ngati ya mwana amene amugulira nsapato.

Anandiuza kuti kuseri kwa nyumba ya pa famupo kuli chishedi chachikulu, ndipo m'chishedimo mwamuna wa mayi wodwalayo, mdala wa imvi mbuu, akusunga kasinja. Ndinafunsa kuti kasinja wake uti. Anati kasinja weniweni, wa pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, wa matcheni ndi mfuti yomwe. Mdalayo anamugula kwa anthu ogulitsa zitsulo zakutha iye akadali ndi mphamvu, n'kumati adzamukonza akadzapuma ntchito. Atapuma, mkazi wake anadwala, manja ake nawonso anayamba kunjenjemera, ndipo kasinja anangokhala, makoswe akuberekerana m'kati. Bambo a kwathu anali atamusuzumira paliponse. Anati ali ndi injini ziwiri za petulo zogwira ntchito limodzi, ndipo alibe chiwongolero, amakhotetsedwa ndi ndodo ziwiri ngati katapila. Ine ndinangoti chabwino, kasambeni m'manja chakudya chazizira.

Kwathu ku Malawi bambowa anali makanika wa makatapila ndi mathirakitala pa esiteti ina ya nzimbe kuchigwa cha Shire. Ine ndinkaphunzitsa ku sekondale. Titafika kuno zonsezo zinatsalira pabwalo la ndege. Iwo anapeza ntchito yonyamula katundu ndi fokolifiti m'chinyumba chosungiramo katundu, ine ndinalowa m'nyumba yosamalira okalamba, kusambitsa, kudyetsa, kutembenuza anthu pabedi. Sitinkadandaula. Mwana wathu wamkazi anali kukula, sukulu ikuyenda bwino, ndipo patapita zaka tinachoka mu apatimenti ya kufupi ndi Lafayette Square n'kulowa m'kanyumba kathu ku Beech Grove. Koma mashifiti athu ankaphonyana. Ine ndikamalowa iwo akutuluka, Lamulungu kutchalitchi ndi misonkhano yake. Tsiku lokhalo limene linali lathu linali Loweruka. Tinkadzuka mochedwa, n'kupita ku mashopu a pa Lafayette Road kukagula ufa, nyama ya mbuzi ndi nsomba zouma, iwo akukankha tolole ine ndikukangana ndi mitengo. Pobwerera tinkadutsa dala ku Speedway kuti ulendo utalike. Si kuti tinkakamba zambiri. Koma tsikulo ndinkadziwa kuti ndine munthu wokwatiwa.

Poyamba anandipempha Loweruka limodzi pamwezi. Anati mdala uja walonjeza kugula zipangizo zonse, chimene akusowa ndi manja okha. Ndinavomera. Mwezi wachiwiri linakhala Loweruka lililonse lachiwiri. Pofika nyengo yokolola chimanga m'mafamu aja, munthu ankadzuka kusanache, kunyamula ovolosi ndi fulasiki, ndipo ine ndinkangomva chitseko cha galaja chikutsika. Ku Lafayette Road ndinayamba kupita ndekha. Mayi wa shopu ya nsomba anandifunsa kawiri ngati bambo akudwala.

Kenako kasinja anayamba kulowa m'nyumba mwanga pang'onopang'ono. Tsiku lina ndinapeza thireyi yanga yophikira makeke ili m'galaja, muli tizitsulo ta kabureta tikusambira m'mafuta. Tsiku lina mswachi wanga wakale. Patebulo lodyera panakhala chibuku chachikulu cha zithunzi za injini, masamba ake achikasu, ndipo bambowo ankachiwerenga atavala mandala, chala chikuyenda pamzere, chidwi chimene sindinachionepo pa kalata ya kusukulu ya mwana. Kasinjayo anamupatsa dzina loti agogo. Ankabwera n'kumati agogo lero tawachotsa tcheni la kumanzere, agogo mabawuti awo akukana, agogo tawapala dzimbiri kumimba. Ine ndikanena kuti msana ukundipweteka chifukwa chonyamula wodwala wonenepa, ankati pepani amayi, imwani mankhwala, maso ali pachibuku.

Ndikanapirira zonsezo chikanakhala chitsulo chokha. Koma m'nkhani zawo munayamba kumveka munthu wina, mwana wamkazi wa mdala uja. Anali mayi wa msinkhu wangawu, banja lake linatha, ndipo ntchito yake inali yowotcherera zitsulo. Ankabwera Loweruka lililonse kudzathandiza. Bambo a kwathu ankamutama mosabisa. Ankati mayi ameneyu akamawotcherera zimakhala ngati akusoka nsalu. M'kati mwa sabata ankatekisitana. Foni ikalira ndinkaona bambowo akumwetulira, ndikasuzumira n'kupeza chithunzi cha bawuti yothyoka. Ndinkadzifunsa kuti pabawuti pali choseketsa chanji.

Amayi a kutchalitchi nawonso sanathandize. Mmodzi, wamkulu ndithu, anandikokera pambali titatuluka m'mapemphero n'kundiuza mwachikondi kuti msewu wa ku South Bend ndi wautali, ndipo mwamuna samusiya kuuyenda yekha chaka chathunthu. Ndinaseka, koma mawuwo anandikhala pamtima ngati munga. Ndinaimbira achemwali kuwafunsa mozungulira zimene amaona pa famupo. Iwo anandidziwa msanga. Anati iwe usadzivute, anthuwo amangokhalira kugogoda zitsulo, masana amakhala patcheni la kasinja n'kumadya. Ndiye anawonjezera mawu amene anandimaliza. Anati mandasi ako aja mayiyo amawakonda kwabasi, anandifunsa kaphikidwe kake.

Mandasi amenewo ndinkawakazinga Lachisanu ndikaweruka, miyendo itatupa, n'kuwakulunga bwinobwino kuti mwamuna wanga asafe ndi njala m'chishedi cha eni ake. Loweruka lotsatira ndinawaikira buledi wouma ndi nthochi imodzi. Pobwera sananene kanthu. Zimenezo zinandikwiyitsa kuposa akanadandaula.

Kutayamba kuzizira ndinaganiza zokadzionera ndekha. Sindinauze aliyense. Iwo atanyamuka ndinadikira kuti kuche bwino, ndinasamba, ndinavala diresi yanga yabwino ndi jasi, ndinadzola, n'kudiraiva kulowera kumpoto. Minda inali itakololedwa, mbali zonse kuli pululu, ndipo njira yonse ndinkakonza mawu amene ndikanene ndikawapeza. Ndinafika cha m'ma masana. Galimoto ndinaisiya patali ndi nyumba n'kuyenda wapansi, nsapato zanga za gogoda zikumira m'matope.

Chitseko cha shedi chinali chotsegula pang'ono. Choyamba kundifika chinali fungo la girizi ndi utsi wa mbaula ya nkhuni. Kenako ndinamuona. Anali wamng'ono kusiyana ndi mmene ndinkaganizira, koma wolemera m'maso, theka wobiriwira ndi penti watsopano, theka wofiira ndi dzimbiri. Chimutu chake cha mfuti chinali atachichotsa, chili pambali pamatabwa. Mdala uja anali pampando pafupi ndi mbaula, bulangete pamiyendo, akusanja mabawuti m'zitini. Mayi wowotchererayo anali ataima kumbuyo kwa kasinja atanyamula tochi, tsitsi lake lomangidwa ndi kansalu, ovolosi yake yakuda bii. Za bambo a kwathu ndinangoona miyendo, thupi lonse lili m'malo a injini.

Ndipo ankaimba. Inali nyimbo ya kwawo kuchigwa, imene ankaiimba kale akamabwera kuntchito panjinga tisanakhale ndi mwana. Chibwerere kuno ndinali ndisanaimvepo. Ankaimba, n'kudukiza kuitanitsa sipanala, mayiyo n'kuwapatsa, iwo n'kupitiriza. Mdalayo anafunsa kanthu za mapaipi a petulo, bambowo anayankha ali m'katimo, ndipo mdalayo ndi mayiyo anagwedeza mitu kuvomereza. Ndinaima pachitsekopo nthawi ndithu. Palibe chimene ndinaona choti n'kukasuma kwa ankhoswe. Komabe mtima unandiwawa kuposa mmene ndinakonzekera.

Mayiyo ndi amene anandiona koyamba. Anavula golovesi, anabwera ndi dzanja lotambasula, n'kunena kuti muli bwanji m'Chichewa chokhotakhota chimene mwamuna wanga anamuphunzitsa. Anati wamva zambiri za ine ndipo mandasi anga ndi osowa. Ndinamupatsa nsonga za zala. Bambowo anatuluka m'injini, girizi mpaka m'makutu, ndipo mawu awo oyamba anali ofunsa ngati kunyumba kwagwa zovuta. Nditati ayi, anasangalala zenizeni. Anandigwira dzanja kuti andionetse agogo. Anandionetsa mpando wa dalaivala, ndodo ziwiri zija, kabowo kosuzumirira kunja, mfuti imene inatsekedwa kalekale kuti isadzawombenso. Anati ndikwere ndione m'kati. Ndinati diresi yanga ida.

Pondiperekeza kugalimoto anazindikira kuti sindili bwino. Anafunsa chimene chandibweretsa. Mawu onse amene ndinakonza m'njira anabalalika, ndinangoti ndimafuna ndione kumene mwamuna wanga amaimbira, poti kunyumba kwanga saimba. Anapukuta manja ndi kansanza. Kenako anati:

"Amayi, kuntchito kuja ine ndine nambala ya pabaji. Chibwerere m'dziko muno palibe anandifunsapo kuti bambo, apa titani. M'shedi muja amandifunsa."

"Nanga ine amandifunsa ndani?" ndinatero. "Ine ndinali ndi kalasi yanga. Ana ankaimirira ndikalowa. Lero ndimatawasa matewera a anthu akuluakulu, ndipo tsiku limodzi limene ndinali nalo mwapatsa chitsulo."

Bambowo anatsegula chitseko cha galimoto yanga, n'kundiuza kuti ndiyende bwino, msewu ukuterera. Ndinalira mpaka ku Kokomo, tawuni ya pakati pa njira. Apo m'pamene ndinayamba kuona kuti nsanje yanga inali ndi mitu iwiri. Mayi uja ndinkamuchitira nsanje ndithu, sindikana. Koma ndinkachitiranso nsanje mwamuna wanga yemwe. Tinasiya zathu limodzi pobwera kuno, tinavomerezana osalankhula kuti zapita, ndiye iye anakapeza zake zili m'shedi ya mzungu, zikumudikira, ine zanga osazipeza paliponse.

Kuchokera tsiku limenelo anayamba kusiya Loweruka limodzi pamwezi kuti likhale langa. Tinkapita ku Lafayette Road monga kale, iwo akukankha tolole, koma foni ikanjenjemera m'thumba ndinkaona dzanja lawo likufuna kupitako n'kubwerera. Ndinkakhala ngati ndabwereka mwamuna wa eni. Mwana wathu, amene nthawi imeneyo anali kumaliza sekondale, naye anayamba kupita nawo ku famu. Ankabwera zikhadabo zili zakuda, akukamba za magiya ndi bambo ake. Ndikamufunsa m'Chichewa kuti kumeneko kuli chiyani chokoma, ankandiyankha m'Chingerezi kuti amayi simungamvetse mpaka mutalowamo. Choncho patebulo tinakhala awiri kwa mmodzi.

Injini zinalira chipale chofewa chitasungunuka, chaka chachiwiri. Tsikulo ine ndinali pa shifiti, ndinalowa m'malo mwa mnzanga. Pa nthawi yopuma ndinatsegula foni n'kupeza gulu la pa foni la abale a kwa amuna anga likuwira. Munali kanema. Kasinja akutsokomola utsi wakuda, kenako kubangula, shedi yonse ikunjenjemera, mdala ataimirira osagwira ndodo yake yoyendera, mayi uja akudumpha, mwamuna wanga atakweza manja onse kumwamba. Anali ataimbira achimwene awo a ku Nchalo kuti amve kulirako, achimwenewo n'kufalitsa kwa mtundu wonse. Alamu, apongozi, adzukulu, onse anali atayamikira kale. Ine ndinaona pambuyo pa anthu a kutsidya la nyanja. Foni yanga inalira patapita nthawi, ndinaisiya ikulira, ndinabwerera kukadyetsa gogo wa m'chipinda cha kumapeto. Madzulo bambowo anati sanafune kundisokoneza pantchito. Mwina zinali zoona.

Kumapeto kwa Meyi, pa tsiku limene anthu a kuno amakumbukira asilikali awo, kasinja anakaonetsedwa pabwalo la zionetsero m'katawuni kena pafupi ndi famuyo. Mdala sakanatha kuyendetsa, ndiye anati ayendetse ndi bambo a kwathu. Amalawi a ku South Bend anabwera ambiri, ena a ku Indianapolis anatsatira, amayi atavala zitenje, mabokosi a zakumwa ali m'manja. Ine ndinafuna kukana kupita, koma ndinaopa pakamwa pa anthu. Achemwali anali atabweretsa mayi wodwala uja panjinga yake ya odwala, ndipo poti iwo ankathamangathamanga ndi zakudya, anandisiya ndi iyeyo pamthunzi.

Kasinja anatulukira kumapeto kwa bwalo, wobiriwira yense, nyenyezi yoyera pambali, matcheni akulira ngati chigayo. Nthaka inkanjenjemera mpaka m'mawondo. Mutu wa mwamuna wanga unkaoneka pakabowo ka kutsogolo, atavala chisoti chachikopa, nkhope ili gwa ngati akuyendetsa dziko lonse. Pamwamba, m'chimutu chija, munali mayi wowotcherera ndi mwana wanga, akubayibitsa anthu. Azibambo okalamba a zipewa za usilikali anaimirira. Amayi athu analuluta mpaka azungu kutembenuka. Mayi wina wa kutchalitchi, yemwe uja wa msewu wautali, anandifinya phewa n'kunena kuti ndili ndi mwayi, mwamuna wotere ndi wosowa. Ndinamwetulira mano okha. Ndinkayang'ana pamwamba paja n'kumaganiza kuti aliyense wosatidziwa akuona bambo, mayi ndi mwana.

Ndipamene ndinamva dzanja lozizira likugwira langa. Anali mayi wodwala uja. Kulankhula kunkamuvuta, mawu ankatuluka mbali imodzi ya kamwa, ndiye ndinawerama monga ndimachitira kuntchito. Analoza kasinja ndi chibwano n'kunena pang'onopang'ono m'Chingerezi:

"Chinthu icho ndadana nacho kuyambira tsiku limene chinalowa pakhomo panga."

Ndinamuyang'ana. Diso lake labwinolo linkaseka. Anapitiriza movutikira kuti ndalama zogulira chinthucho zinali za ulendo wawo wokaona nyanja yaikulu, ndipo nyanjayo sanaione mpaka lero. Ndinamuuza kuti ine chinandidyera thireyi ya makeke. Tinaseka awiriwiri mpaka ndinachita kumupukuta pakamwa. Kasinja atadutsa kachiwiri patsogolo pathu, mwamuna wanga anatulutsa dzanja kutibayibitsa, ndipo mayiyo anakweza dzanja lake lamoyo, inenso ndinakweza langa.

Kasinja sanakhalitse pa famu. Mdala anali atagwirizana kale ndi nyumba ina yosungiramo zinthu zakale za nkhondo, kudera lina lakutali, kuti akadzatha adzamutenge. Chilimwe chisanathe kunabwera chilole chachitali. Bambo a kwathu ndi amene anamukweza, n'kuthandiza kumanga maunyolo, n'kuyenderanso kawiri kuona ngati alimba. Ine ndinalipo. Chilole chitakhota pamsewu waukulu, iwo analowa m'shedi yopanda kanthu ija n'kuyamba kusesa pansi posafunika kusesa. Ndinawasiya.

Loweruka linabwerera kwa ine lonse. Ndinayembekeza kuti ndisangalala, ndipo masabata oyamba ndinasangalaladi. Tinkadzuka mochedwa, kukagula zinthu, kudya limodzi. Mwana anapita ku koleji, nyumba inakula. Koma masana bambowo ankakhala pakhonde manja ali pamawondo, akuyang'ana magalimoto odutsa. Anatchetcha kapinga wathu, anatchetcha wa aneba, anakonza chitseko chimene sichinawonongeke. Ndikawafunsa chimene akuganiza ankati palibe. Ndinapambana, koma chimene ndinapambanacho chinali munthu wofatsa wokhala pakhonde. Ndipo zinkandipsetsabe mtima kuti nkhope ija ndinaiona m'shedi, ine ndi nyumba yanga yonse sitinkatha kuitulutsa.

Masamba atayamba kugwa, foni yanga inalira ndili pa nthawi yopuma kuntchito. Anali mdala uja. Nambala anaitenga kwa achemwali. Anapepesa pondivutitsa, anafunsa za mwana, kenako anafika pa nkhani. Anati mnzake wina wamwalira ndipo wasiya chilole chakale cha asilikali, cha matayala kutsogolo ndi matcheni kumbuyo, chili m'tchire chikuola. Ana a malemuyo akufuna kuchipereka. Anati sanauze mwamuna wanga, ndipo sadzamuuza ngati ine sindikufuna, chifukwa mkazi wake wamulangiza kuti ulendo uno ayambe wafunsa mwini nyumba.

Ndinamuuza kuti ndiganiza. Ndinaganizadi sabata yathunthu, ndipo sindibisa, inali sabata yokoma. Ndinkawayang'ana bambowo akumwa tiyi osadziwa kanthu, nkhani yonse ili m'manja mwanga. Lachisanu ndinaimbira mdala kumuuza kuti Loweruka lachiwiri lililonse, osapitirira, ndipo injini ikadzalira, foni yoyamba ibwere kwa ine. Anavomera msanga. Bambo a kwathu ndinawauza tikuchokera kogula zinthu, titaima pamaloboti. Anandiyang'ana nthawi yaitali mpaka wa kumbuyo anaimba hutala. Atayendetsa pang'ono anafunsa, mawu ali pansi, ngati mdalayo ananena kuti injini yake ilimo.